Tambula ya Mayi Profira

Chinthu choyamba chimene Sanda anaona pa nyumba ya okalamba ija sichinali makatani atsopano amene mkulu wa pamalopo ankamulozera ndi manja onse awiri, koma matambula. Pafupifupi mazenera onse a zipinda zapansi anali ndi tambula kunja kwake, yodzaza madzi mpaka kukamwa, pambali pake pali kansalu koyera kopinda bwino. Anawawerenga n'kupeza khumi ndi anayi.

Mwambowo ankaudziwa, pajatu anakulira m'midzi yomweyi ya kuseri kwa tauni ya Bârlad, ku Romania. Munthu akamwalira, mzimu wake umayendayenda masiku makumi anayi m'malo amene unazolowera, uli ndi ludzu, ndiye abale amauikira madzi pazenera. Koma maliro khumi ndi anayi pakhomo limodzi?

"Ayi, ayi, musaope," anatero mkuluyo, Mayi Ciobanu, akuseka kuseka kwa munthu wogulitsa malonda. "Enawa amuna awo anapita kalekale, koma kusiya sasiya. Mukuwadziwa anthu akumudzi."

Sanda sanaseke nawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali atakhala ku Padova, ku Italy, kusambitsa amayi a eni ake, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Ntchitoyo inamuphunzitsa kuti nyumba ya okalamba saiweruza masana, mlendo akuonetsedwa makatani. Amainunkhiza m'mamawa asanakolope. Amayang'ana zikhadabo, kuseri kwa makutu, ndi zidendene ngati zili ndi zilonda zogonera. Amaona ngati nkhalamba zikuwodzera pa nkhomaliro chifukwa cha mapiritsi. N'chifukwa chake anakana kusaina pepala lililonse kufikira atagona pamalopo masiku atatu, pampando, m'chipinda chimodzi ndi bambo ake. Mayi Ciobanu analola, koma anamuuza mosapsatira kuti bedilo likudikiridwa ndi anthu ena. Lamlungu ayankhe kuti inde kapena ayi.

Lamlungu lomwelo linali tsiku la makumi anayi chimwalirire mayi ake, Mayi Profira. Maliro awo Sanda sanawaone. Foni inamupeza akusintha thewera la nkhalamba ya eni ake, ndipo pamene minibasi inkamutula kumudzi anapeza mulu wadothi wokha, maluwa atayamba kale kufota. Chimenechi chinkamudya usana ndi usiku, ndipo sankachiuza munthu. Patangopita mwezi, bambo ake a Gherasim anagwa m'khitchini n'kugona pansi mpaka m'mawa, pamene mayi wobweretsa makalata anawamva akubuula. M'mudzimo munali mutatsala nkhalamba zokhazokha ndi agalu. Lolemba minibasi inali kubwerera ku Italy, ndipo Sanda anayenera kukhala momwemo.

Atalowa m'chipinda, a Gherasim sanayang'ane bedi, kapena bafa, kapena belu loitanira anamwino. Anatsamira chitsulo chawo choyendera n'kuloza chikwama ndi chibwano.

"Tulutsa tambula ya amako. Madzi ali m'botolomo, ndi a pachitsime chathu. Osandithirira a pampopi, sankawafuna."

Inali tambula yagalasi lochindikala, yobenthuka pang'ono m'mphepete. Sanda ataigwira anakumbuka masiku otentha a kumunda wampesa. Mayi ake sankamaliza madzi, ngakhale ludzu litawagwira bwanji. Ankamwa theka, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango, n'kumupatsira otsalawo. "Maliza iwe," ankatero. Anachita zimenezo mpaka Sanda atakula n'kumera imvi zake.

"Atate, kukuzizira. Tikatsegula zenera mudwala."

"Ndati uike! Wandizula ngati anyezi, mtsikana iwe, masiku atatu okha atatsala. Lero amako akafika kwathu akapeza loko pachitseko." Anapuma movutikira. "Tamvera. Akandipeza kuno, ndikhala. Akapanda kundipeza, undibweze ndikafere pakhomo panga. Wamva?"

Sanda anaika tambula panja, kansalu pambali pake, n'kutseka zenera. Ankawadziwa bambo ake. Mawu awo akatuluka sankabwerera.

Usiku wa Lachinayi umenewo magetsi a m'zipinda anazima nthawi ya naini. Mapaipi otenthetsa nyumba analira kwa kanthawi ngati m'mimba mwa munthu wanjala, kenako anatonthola. Wina m'chipinda chakutali anatsokomola, wina anaitana dzina kawiri, ndipo kunakhala zii. Kunja kunali bii, kupatula nyale imodzi ya pageti imene inkaponya kuwala kofooka pa kanjira kasimenti kodutsa m'munsi mwa mazenera.

Sanda sanadziwe kuti inali nthawi yanji pamene anamva mapazi. Sanali mapazi a munthu wothamangira ntchito. Ankakwekwereza pang'onopang'ono pasimenti, n'kuima. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono ka galasi likamakhudza mwala. Ngwe. Mapazi aja anayambanso, n'kuimanso. Ngwe. Zenera ndi zenera, kuchokera kumapeto kwa nyumba, chinthucho chinkayandikira, ndipo Sanda anapeza kuti akuwerenga, manja atagwiritsa bulangeti. Chitafika pazenera lawo, chithunzithunzi chinagwa pa katani, chachifupi, chowerama, mutu utafundidwa. Chinaima pamenepo nthawi yaitali osagwedera.

"Profira?" ananong'ona a Gherasim mumdima. Anali maso nthawi yonseyi.

Chithunzithunzi chija chinasuntha, mapazi n'kupitirira. Pazenera lotsatira panamveka ngwe.

Kutacha, Sanda anazungulira nyumba. Matambula khumi ndi anayi anali opanda ngakhale dontho. Ya mayi ake inali yodzaza monga anaisiyira. A Gherasim anaiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira kukhoma, ndipo tiyi wawo anazizira patebulo.

Tsiku limenelo Sanda anagwira ntchito imene anabwerera. Anayendera zimbudzi asanakolope, ndipo sizinkanunkha. Anapereka moni wa m'manja kwa nkhalamba zingapo kuti aone zikhadabo, ndipo zinali zowenga. Anagwetsa dala sipuni kuti aone akakolo a mayi wina pansi patebulo. Supu wowawasa wa nkhomaliro anali wotentha, nyama ikuoneka ndi maso. Chimene chinamudabwitsa kwambiri chinali chakuti palibe amene ankawodzera. Nkhalamba zinkakangana za mpira ndi za boma ngati anthu amene agona tulo tawo tokwanira. Kunena zoona, akanakonda kupeza cholakwa, chifukwa cholakwa amadziwa pochigwira.

Pa nkhomaliro anakhala pafupi ndi a Axinte, mkulu wa panjinga ya olumala amene kale ankagwira ntchito ya njanji, wa ndevu zoyera ndi pakamwa posatseka.

"Wawamva eti, mwana wa Gherasim?" anafunsa akutsinzinira diso limodzi. "Wanga ndi Lisaveta. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano, sanajombepo. Ali moyo ankandithirira madzi m'kachasu kuti ndisaledzere, lero ndine ndikumuthirira madzi. Dziko ndi lozungulira ili!"

"Munamuonapo?"

"Aa, iwe! Munthu wanzeru sasuzumira. Ukasuzumira sabweranso."

Mkulu wina anati ndi mzimu wa sisitere amene anafera m'nyumbamo kale, idakali chipatala cha chifuwa chachikulu. Wina anati ayi, amabwera onse pamodzi kuchokera kumanda a kuseri kwa njanji, atagwirana manja chifukwa ena saona. Ndiye gogo wina wowonda, amene sanalankhule chiyambire, anakoka Sanda malaya n'kumunong'oneza m'khutu, mpweya wake ukununkha timbewu.

"Akafika pazenera n'kulambalala, mwanawe, ndiye kuti m'chipindamo muli munthu amene akumukwiyira. Ndani sanawaperekeze kumanda?"

Sanda anaika sipuni pansi. Supu sanammalize.

Maganizo ake a ntchito ankamuuza kuti pali munthu amene akuchita zimenezi, ndipo nyumba imene imaseweretsa mitu ya nkhalamba usiku ingathenso kubisa zina. Koma mtima unkanena zake. Chithunzithunzi chija chinali chachifupi ndi chowerama, ndipo mayi ake anali aafupi ndi owerama.

Usiku wa Lachisanu sanavule nsapato. Mphepo inali itadzuka, ikukhudzitsa nthambi youma pa ngalande ya padenga, ndipo galu wina ankauwa kutali cha kunjanji. Atangotonthola galuyo, mapazi aja anayamba. Ngwe. Ngwe. Sanda anadikira mpaka chithunzithunzi chitaima pa katani wawo, n'kumva bambo ake akudzutsa mutu papilo, n'kumvanso mutuwo ukubwerera pamene mapazi anapitirira. Kubwerera kwa mutu kumeneko n'kumene kunamudzutsa pampando. Anatuluka mwakachetechete, n'kudutsa m'kakhonde kamdima akupapasa khoma, n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

Chinthucho chinali pazenera lomaliza, choyera kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, mutu uli mumpango wakuda. Sanda anachiyandikira, n'kutambasula dzanja, n'kugwira mkono.

Mkonowo unali wofunda ndi wonenepa, ndipo unkanunkha mafuta otikitira misana. Pansi panali kachidebe. Anali mayi wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, atavala yunifolomu yoyera ndi masilipasi aubweya. Sanda anali atamuona madzulo akugawa mabulangeti. Anali Zamfira, wosamalira okalamba usiku.

"Ndiye mzimu uja ndinu, anti Zamfira?"

"Tsitsa mawu, undidzutsira anthu anga," ananong'ona mayiyo, osadzidzimuka n'komwe. Anakhuthulira madzi a m'tambula m'chidebe mopendeketsa kuti asamveke, n'kubwezera tambula pamalo pake.

"Mukunamiza nkhalamba."

"Ndikuzigoneka. Ndisanayambe zimenezi, theka la zipinda izi linkagona ndi mapiritsi. Munthu kulira usiku wonse, ati mkazi wanga sakudziwa kumene mwanditaya. Umuuza chiyani? Sankha wekha, piritsi kapena chidebe."

"Nanga a Ciobanu akudziwa?"

"A Ciobanu amadziwa makatani."

Sanda anafuna kuseka, koma anakumbukira bambo ake. "Ndiye bwanji mukulambalala pa bambo anga? Mukuwapha ndi chisoni."

"Bodza ili ndi lolemera, mwanawe, sindilisenza ndekha. Mwana wa munthu akandiuza kuti khuthulani, ndimakhuthula. Akapanda kunena, sindikhudza. Pazenera lanu ndimangoima kuti ndimve ngati mkuluyo akupuma bwino." Anamuyang'ana manja. "Italy eti? Zala zimenezo ndazidziwa, zadyeka ndi sopo. Mwana wanganso ali ku Spain, akusambitsa a eni ake. Tandiuza, iweyo sunanamizepo nkhalamba zako kumeneko?"

Sanda anayang'ana zala zake. Zaka ziwiri zathunthu anali atavomera dzina la mwana wakufa wa mayi wina wa ku Padova, n'kumamuitana kuti amayi, pamene amayi ake enieni ankatunga okha madzi pachitsime.

"Musaikhudze," anatero pomaliza. "Mawa ndikhuthula ndekha."

Anabwerera m'chipinda n'kukhala pampando. Funso limene anabwera nalo linali litayankhidwa. Nyumba imene munthu amadzuka pakati pa usiku n'kumayenda m'chisanu ndi chidebe kuti nkhalamba zigone popanda mapiritsi, imeneyo ndi nyumba yosiyamo bambo ako. Anayenera kukondwa. Koma misozi inangoyamba kutsika yokha, chifukwa anazindikira kuti potuluka paja sankafuna kugwira wachinyengo ayi. Ankafuna kugwira mkono wa mayi ake, ngakhale ukanakhala wozizira bwanji, n'kuwauza kuti pepani, minibasi inachedwa.

Loweruka a Gherasim anakana chakudya, n'kukananso madzi. Milomo yawo inauma mpaka kung'aluka. Madzulo anapempha chipewa chawo n'kuchiika pachifuwa.

"Lero ndi lomaliza," anatero. "Mawa wansembe akamuwerengera mapemphero, basi, wapita. Ukonzeretu galimoto yondibweza."

"Atate, kwathu mukhala ndi ndani?"

"Ndi amene ndakhala naye zaka makumi asanu ndi ziwiri. Fungo lake likadali m'makoma."

Sanda anachotsa chitsulo choyendera pafupi ndi bedi n'kuchiika kuseri kwa chitseko, kuopa kuti angadzuke usiku n'kugwanso. Anadzaza tambula ndi madzi omaliza a m'botolo, n'kupinda kansalu, n'kutseka zenera. Anakonza zodikira kuti bambo ake agone, kenako atsegule pang'ono n'kutaya madziwo pansi.

Cha m'ma leveni kunabwera ambulansi, yopanda kulira, kuwala kwake kokha kukuzungulira padenga la chipinda. Gogo wowonda uja anali atabanika. Sanda anasuzumira pakatani n'kuona Zamfira akukwera nawo m'galimotomo, atagwira dzanja la gogoyo, mpango wakuda uli kumutu. Geti linatsekedwa. Usiku umenewo panalibe mapazi pa kanjira kasimenti.

Mphepo inali italeka. Kunazizira kuzizira kumene kumachititsa matabwa kulira okha. A Gherasim anali chigonere chagada, maso ali kudenga, ndipo nthawi ndi nthawi milomo yawo inkagwedera popanda mawu. Sanda anadikira ola limodzi, awiri, atatu. Koma thupi limene silinagone masiku awiri silimva za mapangano. Mutu unalemera, chibwano chinagwera pachifuwa. Kutali, ngati pansi pa madzi, anamva kaphokoso kamodzi kokha. Ngwe.

Anadzidzimuka kunja kukuyera. Mtima unapita m'mwamba: wagona, sanakhuthule madzi, ndipo bambo ake adzuka tsopano lino n'kupeza tambula yodzaza. Ananyamuka monyang'ama, n'kukankha katani, n'kutsegula zenera pang'onopang'ono kuti lisalire.

Madzi anali theka.

Kansalu kaja kanali kotambasula, nsonga imodzi ili yonyowa, ngati munthu wapukutira pakamwa. Sanda anatulutsa mutu n'kuyang'ana uku ndi uku. Matambula a mazenera oyandikana nawo anali odzaza onse, madzi ataundana pang'ono pamwamba. Chisanu chinali chitayala pa kanjira konse, choyera ngati ufa, ndipo panalibe phazi ngakhale limodzi, la munthu kapena la mphaka.

Anatembenuka. Chitsulo choyendera chinali kuseri kwa chitseko, pomwe anachisiya. Kuchokera pabedi kufika pazenera panali mapazi atatu, ndipo bambo ake anali asanayende mapazi atatu paokha chigwere m'khitchini muja. Anawayandikira. Ankapuma mofatsa, chipewa chili pachifuwa. Milomo yawo inkaoneka yonyowa, koma munthu amatha kunyambita milomo ali m'tulo. Analowetsa dzanja m'bulangeti n'kugwira mapazi awo monga ankachitira ndi odwala ake. Anali ozizira, koma mapazi a nkhalamba amazizira nthawi zonse.

A Gherasim anatsegula maso. "Ukundigwira mapazi ngati ndafa bwanji? Tseka zenera, ukufuna undiphe?" Kenako mawu awo anatsika. "Wabwera?"

Sanda anatenga tambula ija, ataigwira kunsi ndi manja awiri, n'kuwaonetsa. Mkuluyo anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka kaphwete kakang'ono konyowa ndi misozi.

"Theka! Ndi yemweyo. Mkazi ameneyu, ngakhale kumanda sanaphunzire kumaliza madzi." Anachotsa chipewa pachifuwa n'kuchiika patebulo. "Kasaine pepala lakolo. Ndipo uwauze andipatse tiyi wotentha, osati zozizira za dzana zija."

Funso lakuti kodi ndi iwo amene anamwa madziwo linafika pakamwa pa Sanda n'kuima pomwepo. Anawayang'ana bambo ake m'maso, iwo n'kumuyang'ananso osaphethira, maso a munthu amene sanamunamizepo chibadwire. Anadziwa kuti akafunsa ataya chimodzi mwa zinthu ziwiri, kubwera kwa mayi ake kapena chilungamo cha bambo ake, ndipo zonse ankazifuna.

"Ukudikira chiyani?" anatero a Gherasim, akuloza tambula ndi chibwano. "Sukumudziwa mayi wako? Otsalawo ndi ako. Maliza iwe."

Sanda anakweza tambula. Madziwo anali ozizira mpaka mano kuwawa, ndipo ankakoma ngati a pachitsime cha kwawo. Koma m'mphepete, pafupi ndi pobenthuka paja, pamene mayi ake ankakonda kuika mlomo, galasilo linali lofunda.